Kaseti ya Aphunzitsi a Kamchedzera

Anatipeza kuseri kwa depoti ya Kasungu,
ife a tsitsi losadziwa chipeso,
tikupha dzuwa pa benchi ya Gostino wokonza mawailesi.
Jekete linali la pa Sabata, tsikulo Lachitatu.
M'khwapa anapanira mapepala a mizere isanuisanu,
timadontho takuda titatera pamenepo
ngati anamzeze pa mawaya a magetsi.

Anati, "Ananu munaleka kubwera.
Limba langa likuyimbira mabenchi.
Nyimbo izi analemba ndi anthu a kutsidya kwa nyanja,
ovala tsitsi logula, anafa kalekale.
Ndibwerekeni magitala, ine ndikupatsani mawu anayi,
tione ngati fisi ndi mbuzi sangamwe pa chitsime chimodzi."

Jasiteni anafunsa kuti fisiyo ndani.
Sanayankhe.
Analonjeza mabanzi ndi mafuta a jenereta,
ndipo ife tinalibe kwina kopita.

Situdiyo inali shedi ya fodya panjira ya ku Chamama,
mabelo atatu obwezedwa ku okushoni akumeza phokoso.
Kwaya kumanja, malaya oyera, mapazi pamodzi.
Ife kumanzere, tikuyetsemula.
Iwo anati ndi sewero loyimba:
tenanti wathawa pa esiteti usiku,
ngongole ikumulondola ngati galu wodziwa fungo.
M'mavesi anathiramo mawu athu a pa depoti,
onse m'malo olakwika,
ngati mchere mu tiyi.

"Pano muyimbe chapansipansi," ankatero,
kandodo kali m'mwamba.
Gitala yanga sinkadziwa chapansipansi.
Jasiteni ankathamanga ndi ng'oma, limba likutsalira,
likupuma wefuwefu ngati nkhalamba pa phiri la Kasungu,
koma osasiya kukwera.

Tsiku lojambula chithunzi cha pachikuto
anamasula batani la pakhosi, limodzi lokha,
nabwereka magalasi anga akuda.
Mayi a kunyumba atachiona
anakhala sabata osawayankhula.

Makaseti mazana awiri.
Akulu a mpingo anawayitanira ku bwalo,
ati mwalowetsa bawa m'nyumba ya Mulungu.
Anzathu a pa depoti anamvera theka la mbali yoyamba,
ati ikununkha sopo ndi mabenchi.
Tinagulitsa khumi ndi asanu ndi awiri.
Anayi anagula ndi iwo eni.
Otsalawo mlamu wawo anawasolola matumbo
n'kuwamanga pa timitengo m'dimba,
azing'anima, aziopseza mpheta.
Mphepo ikawomba, akuti ankalira ndithu.

Chimene sichinalowe m'kasetimo ndi ichi.
Madzulo ena jenereta inatsokomola n'kufa
pakati pa nyimbo ya tenanti akuwoloka Bua.
Mdima bii.
Gitala yanga inasanduka thabwa la mawaya.
Koma Nasitaziya sanaleke.
Mawu ake anakwera okha mpaka ku malata,
abesi anamulowera pansi ngati anthu osenza denga,
Jasiteni, amene sanamverepo munthu chibadwire,
anayamba kugunda belo la fodya ndi chikhatho,
pang'onopang'ono,
pa nthawi yake.
Kandodo sitinkakaona.
Ndinangomva aphunzitsi akufwenthera pakona,
kenaka akuti ndi fumbi la fodya.

Lero tsitsi lija linapita lokha.
Ndimawotcherera mageti pafupi ndi msika.
Ana a masiku ano amadutsa ndi nyimbo zawo m'makutu,
sindizimva, ndipo sandifunsa.
Dzana ndinadzigwira ndikuitana mmodzi,
ndikuti, "Mphwanga, tabwera, ndikumvetse kanthu."
Anachotsa kachingwe khutu limodzi, mwaulemu,
kudikira kuti mdalayu amalize.

Ndinagwira pakhosi.
Batani linali lomanga.

Aphunzitsi anagona ku Nkhamenya, zaka zapitapo.
Magalasi anga sanabweze.
Nyundo ikamagwa pa chitsulo
ndimapezeka ndikuwerenga, modzi, wiri, tatu,
n'kusiya mpata pachinayi
poti limba lidutsepo.